Usatsitse Giyabokosi: Kalata kwa Mphwanga ku Nsaru

Wokondedwa mphwanga,

 Kuno ku Johannesburg chisanu chatha, ndipo ntchito pagalaja ikuyenda. Ndikhulupirira kuti amayi, alamu ndi ana onse ali bwino, ndiponso kuti mtedza munakolola uja simunaupereke wonse kwa mavenda mtengo usanakwere.

Kalatayi yabwera ndi kaphukusi. Ndapatsira munthu wakwathu amene wakwera basi pa Park Station, yodzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete nʼkudzalowa pa Dedza. Ukatsegula upezamo tinthu tosaoneka ngati nʼkanthu: timapulasitiki ndi timphira tobowoka pakati, kampira kamodzi kolimba, ndi tindodo tiwiri tachitsulo tokhala ndi mitu yapulasitiki mbali zonse ziwiri. Tonseto tingakwane mʼthumba la jekete. Zimene galimoto yako ikufuna ndi zimenezo. Choncho usanawerenge zambiri ndikupemphe kuti giyabokosi usaitsitse, ndipo ngʼombe unkanena ija usaigulitse.

Ndinamvetsera bwino zimene unandiuza pafoni. Unati ndodo ya magiya yalobodoka, ikungozungulira ngati mthiko mʼphala lamadzimadzi. Unati giya wani umachita kuifunafuna, faifi nthawi zina imakaniratu, koma fili ndi folo zimalowa popanda kulimbana. Unanenanso kuti giya ikangolowa galimoto imakoka bwinobwino, sikulira kapena kukhuluza pansi, ndipo ndodo imagwederabe uku ndi uku ngakhale giya ili mʼkati. Mawu omalizawo ndi amene andiuza pamene pali vuto. Giya ikalowa, kachitsulo kosankha magiya ka mu giyabokosi kamagwidwa, sikayendayenda. Ngati ndodo ikugwederabe pamenepo, ndiye kuti kulobodokako kuli panja, pakati pa dzanja lako ndi giyabokosi. Giyabokosi yofa mʼkati imadziwika ndi phokoso komanso kulavula giya galimoto ikukoka, ndipo iwe sunatchule chilichonse cha zimenezo.

Ndikufotokozere mmene galimoto yathuyi anaipangira, kuti ukakhala pansi pake uzidziwa chimene ukuyangʼana. Galimoto yako ndi Citi Golf, imene inkapangidwa kuno ku South Africa, pa fakitale ya Volkswagen ku Uitenhage, tauni imene mu 2021 anaisintha dzina kukhala Kariega. Anayamba kuipanga mu 1984 nʼkusiya mu 2009, koma thupi lake ndi zambiri zapansi ndi za Golf yoyambirira ija imene inatuluka ku Germany mu 1974. Ndiye ngakhale mapepala a galimoto yako akutchula chaka cha pambuyo pake, njira yosinthira magiya ndi yakale yomwe ija, ya zitsulo zolumikizana, imene amakaniko timati linkeji. Injini ndi giyabokosi zili kutsogolo, zogona chopingasa, ndipo iwe uli pampando kutali nazo. Ndodo imene umagwirayo inakhazikika pa kampira pansi pa chikopa choiphimba. Kunsi kwake, pansi pa galimoto, anaimangirira ku chitsulo chachitali chimene chimapita kutsogolo chapamwamba pa paipi ya ekizozi, nʼkudutsa mʼbushi imodzi yochigwiriziza pafupi ndi zitsulo za chiwongolero. Kumapeto kwa chitsulocho kuli kalampu yomangidwa ndi bawuti imodzi, ndipo kuchokera pamenepo pali timikono ndi tindodo tofika ku kachitsulo kotuluka mu giyabokosi kaja.

Ukapendeketsa ndodo kumanzere kapena kumanja, chitsulo chachitalicho chimapotoloka, ndipo kumeneko ndiye kusankha mzere: wa wani ndi thu, wa fili ndi folo, kapena wa faifi. Ukakankha kutsogolo kapena kukokera kumbuyo, ndiye kulowetsa giya ya mumzere umenewo. Pamfundo iliyonse anaikapo pulasitiki kapena mphira, ndipo anachita dala, kuti chitsulo chisadyane ndi chitsulo chinzake ndiponso kuti kunjenjemera kwa injini kusamafike mʼdzanja. Mabushi amenewa anawapanga kuti azitha nʼkusinthidwa. Tsono iliyonse ikadyeka pangʼono, tinene milimita imodzi yokha, mipata yonseyo imaphatikizana, ndipo popeza ndodo ndi yaitali kumtunda kwa kampira kuposa kunsi kwake, mpata waungʼono pansi umakhala waukulu pamwamba pamene pali dzanja lako. Fili ndi folo zili pakati, pamene sipulingʼi ya mu giyabokosi imabwezera kachitsulo kaja kokha, nʼchifukwa chake sizikuvuta. Wani, thu ndi faifi zili mʼmbali, zimafuna kuti chitsulo chipotoloke mokwanira, ndipo kupotolokako nʼkumene kukutayika mʼmabushi odyeka.

Makaniko anakuuza kuti giyabokosi yatha uja sindikumunyoza. Galimoto zimene amagwira tsiku ndi tsiku pa Nsaru, pa Msundwe kapena pa Namitete zambiri nʼza Toyota. Ma Corolla a mʼma 1990 amasintha magiya ndi makebulo awiri, Hilux ndodo yake imangolowa mu giyabokosi momwemo popanda zolumikiza zambiri, ndipo ma Sienta ndi ma Probox ambiri ochokera ku Japan ndi otomatiki. Munthu amene sanagwirepo linkeji ya mtundu uwu akamva kuti magiya sakulowa, maganizo ake amathamangira mʼkati mwa bokosi. Koma taganiza mtengo wake. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndipo giyabokosi yogula pa Biwi kapena mu Malangalanga ndi yochotsa mʼgalimoto ina yakufa, mʼkati mwake simudziwika mpaka utaimanga. Choopsa kwambiri nʼchakuti ukaimanga uzidzailumikiza ku linkeji yomwe yakuthayi. Ngʼombe idzakhala itapita, ndodo ikugwederabe chimodzimodzi.

Misewu yakwathu ndiyo imafulumizitsa zimenezi. Kuno galimoto zoterezi zimayenda pa tala chaka chonse, komabe mabushi amatha. Nanji kumeneko, ukangochoka pa tala kulowera kumudzi, kapena kudutsa njira zachidule zopita ku Kabudula ndi ku Nambuma? Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba fumbi lofiira lija limalowa paliponse, ndipo likakumana ndi girizi wakale limasanduka phala lokhakhala lopala pulasitiki nthawi iliyonse usintha giya. Mvula ikabwera, matope a mʼdambo amamatirira pomwepo, madzi amachita dzimbiri pa timitu tachitsulo, ndipo dzimbirilo limadya bushi kuchokera mʼkati. Pansi pake pali ekizozi yotentha imene imaumitsa pulasitiki mpaka kungʼaluka. Onjezerapo kuti galimotoyi ndi yaifupi, ndipo iwe umaisenzetsa matumba a soya ndi mtedza mpaka mimba yake kukhula pamtumbira wapakati pa msewu. Kuti yafika lero ikulowabe magiya, yayesetsa.

Pali mawu ena unanena ukuseka, ndipo ndi amene andichititsa kukhala pansi nʼkulemba zonsezi mʼmalo mongotumiza kaphukusi. Unati galimotoyo unaizolowera, umadziwa pokhotetsera dzanja, ndipo palibe wina angaiyendetse, ngakhale wakuba angaisiye pomwepo. Mphwanga, mawu amenewo ine sindinaseke nawo.

Galimoto imeneyo dzina la pamapepala ndi lako, koma ukudziwa wekha kuti ndi ya mudzi wonse. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mayi wapakati zikamuvuta usiku, pakhomo pogogoda ndi pako. Mwana akakomoka ndi malungo, amathamangira kwa iwe. Amayi athu nawo akukula, ndipo tsiku lililonse angafunike kuwatengera ku Kabudula, kapena ku St Gabriel ku Namitete, chipatala chimene masisitere a chipani cha Carmelite ochokera ku Luxembourg anatsegula mu 1959 ndipo anthu a dera lathu akhala akuchidalira kuyambira nthawi ya agogo. Nthawi zina kumeneko amakutumizani kutsogolo, ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central. Tsono tandiuza, usiku umenewo iwe ukadzakhala ku Kanengo ukudikira mabelo a fodya, kapena uli ku maliro kutali, zidzatha bwanji? Nanga wodwalayo akadzakhala iweyo? Makiyi adzakhala ali pamsomali, petulo ali mʼthanki, munthu wodziwa kuyendetsa ali pomwepo, kaya ndi aphunzitsi a pasukulu paja kaya ndi alamu, koma galimoto osachoka pabwalo chifukwa njira ya giya wani ikudziwika ndi dzanja limodzi lokha padziko lapansi. Chimene ukunyadirachi ndi chimene chingadzatiliritse.

Ngakhale uli pachiwongolero iwe mwini, ngozi ilipo. Pa galimoto imeneyi rivesi ili pafupi ndi giya wani, chakumanzere kwake, ndipo chimene chimaletsa kuti usalowemo mwangozi nʼchakuti uyenera kuyamba wakanikiza ndodo pansi. Kampira ka pansi pa ndodo kakadyeka, kapena kalampu ikasuntha, chotchinga chimenecho chimasiya kugwira ntchito, ndipo munthu amalowetsa rivesi akuganiza kuti ndi wani. Taganizira tsiku la msika, kumbuyo kwako kuli akabaza, ana, ndi amayi oyala tomato pansi, iwe nʼkusiya klatchi maso ali kutsogolo. Taganiziranso polowa mu msewu wa M12 pa Mpingu kapena pa Msundwe, pamene pamadutsa magalimoto akuluakulu ochokera kuchipata cha Mchinji. Walowa theka la msewu, wachotsa wani, thu sikupezeka, ndipo maso ako atsika kukayangʼana ndodo. Kanthawi kameneko nʼkochepa, koma thiraki yodzaza katundu siima pafupi.

Ndiponso kuzolowerako kukuwononga giyabokosi imene pakali pano ili yabwino. Linkeji yolobodoka sikankha giya mpaka kumapeto. Mano a mʼkati amangogwirana nsonga zokha, nsongazo zimapalika pangʼonopangʼono, mphete zamkuwa zolinganiza liwiro la magiya zimadyeka chifukwa chokakamiza, ndipo tsiku lina giya idzayamba kutuluka yokha pokwera mtunda. Likadzafika tsiku limenelo, mawu a makaniko aja adzakhala oona.

Usanamasule chilichonse, yamba wayesa izi, kuti titsimikize kuti sitikusiya vuto lina. Imika galimoto pamalo osatsetsereka, injini yozima, ponda klatchi nʼkuyesa magiya onse. Kenako liza injini uyesenso. Ngati kusokonekera kwake nʼchimodzimodzi injini yozima ndi yolira, ndi linkeji basi. Koma ngati injini ili yozima magiya akulowa bwino, ndipo ukailiza onse akukhuluza, makamaka wani ndi rivesi, ndiye kuti klatchi sikulekanitsa mokwanira. Klatchi ya galimoto imeneyi imakokedwa ndi kebulo, choncho uyangʼane ngati yalobodoka kapena yayamba kuduka timawaya. Ngati ndi giya imodzi yokha imene imakhuluza ukasintha mofulumira, kawirikawiri thu, imeneyo ndi mphete yamkuwa ija, ndipo ungakhale nayo nthawi yaitali ukamasintha modekha. Rivesi yokha ilibe mphete yotere, nʼchifukwa chake umayenera kuponda klatchi nʼkudikira pangʼono, galimoto itaimiratu, usanailowetse.

Uyangʼanenso mipira yogwira injini, ma mounting aja. Linkeji mbali imodzi inagwira thupi la galimoto, mbali ina inagwira giyabokosi, ndiye injini ikamagwedera imakoka zitsulozo. Koka handibuleki, tsegula boneti, munthu aime chapambali, asaime kutsogolo, ndipo iwe ulowetse wani nʼkusiya klatchi pangʼono chabe, kenako uchite chimodzimodzi ndi rivesi. Injini iyenera kungosuntha pangʼono. Ikamadumpha kapena kugunda, mpira wina waduka, ndipo uyambe wasintha umenewo, apo ayi zonse ungalinganize zidzasokonekera pa bampu yoyamba.

Tsopano ntchito yeniyeni. Apa ndikulankhula ngati mkulu wako ndisanalankhule ngati makaniko: usalowe pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeke. Njerwa zowotcha usazikhulupirire, zimaphwanyika mosachenjeza. Ngati pamsika pali galaja yokhala ndi dzenje, lipira kangachepe ugwiritse ntchito dzenjelo. Ngati palibe, peza zipika zazikulu za mtengo wolimba, zodulidwa mosalala, uziike pansi pa malo olimba a thupi la galimoto, matayala akumbuyo uwatsekere ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo uigwedeze ndi mphamvu usanalowe. Ugwire mʼmawa injini isanalire, chifukwa manja ako azikhudza ekizozi. Zida zake nʼzochepa: sipanala ya 13 ndi ya 10, pulayala, sikurudiraiva yaphwatalala, tochi, parafini ndi sanza, kasandipepala kosalala, ndi girizi pangʼono.

Choyamba jambula zonse ndi foni, kuchokera pamwamba boneti ili yotsegula komanso kuchokera pansi. Kenako mwana wako wamkulu uja akhale pampando, alowetse giya fili, azigwedeza ndodo pangʼonopangʼono kumanzere ndi kumanja, kenako kutsogolo ndi kumbuyo, iwe ukutsata chitsulo ndi tochi kuyambira pansi pa ndodo mpaka pa giyabokosi. Pamfundo iliyonse ikapo chala. Pamene chitsulo chimodzi chikuyenda koma chinzake chikuchedwa kutsatira, pamenepo ndiye padyeka. Udzapeza malo oposa amodzi. Mwina pena udzapeza kuti bushi inagwa kalekale, patsala chitsulo chikugogoda mʼbowo. Ngakhale zina zioneke zabwinoko, sintha zonse zimene ndatumiza, chifukwa zinakalamba limodzi.

Usamasule zonse nthawi imodzi. Chotsa chimodzi, chiyerekeze ndi chatsopano, manga, kenako upite pa china. Tindodo tiwiri tija, kena nʼkakatali kena nʼkakafupi, ndipo mitu yake ili ndi timakilipi timene umayamba watsegula usanakanule ndi sikurudiraiva. Ukamanga tatsopano, umve kuti mutu walowa pa kampira kake kuti khethe, kenako utseke kilipi. Timipira tachitsulo timene mituyo imakhalapo utitsuke ndi parafini, dzimbiri ulichotse ndi sandipepala mpaka pasalale, chifukwa pulasitiki yatsopano ikakhala pa dzimbiri siimaliza dzinja. Mabushi amene akukana kulowa mʼbowo usawamenye ndi hamala. Aviike mʼmadzi otentha kwa mphindi zingapo, amafewa nʼkulowa ndi chala kapena pulayala. Girizi upake wochepa, wongonyowetsa, ndipo wotuluka mʼmbali umupukute, popeza wochuluka amangoitana fumbi lija.

Ukapeza kuti chitsulo chenichenicho ndi chimene chadyeka, bowo lakula kapena kampira kaphwatalala mbali imodzi, chichotse upite nacho mʼmanja kwa wowotcherera akadzaze nʼkubowolanso. Asawotcherere chili pagalimoto, mapaipi a petulo amadutsa pansi pomwepo. Ndipo wina akakuuza kuti angowotcherera mfundoyo kuti isamagwedere, kapena kuimanga ndi bawuti mothinitsa, ukane. Mfundo zimenezo ziyenera kupindika injini ikamasuntha. Ukaziumitsa, chothyoka chidzakhala china chodula kuposa pamenepo.

Bushi yogwiriziza chitsulo chachitali ija ndi imene imafuna kusamala, chifukwa kuti uisinthe uyenera kumasula kalampu, ndipo kalampu ndiyo imasunga malo a magiya onse. Usanakhudze bawuti yake, lemba chizindikiro ndi penti kapena kukanda ndi msomali, mzere umodzi wodutsa pa kalampu ndi pa chitsulo wosonyeza mmene zapotolokera, wina wozungulira wosonyeza pamene chitsulo chinalowera. Anthu ambiri amalumpha zimenezi nʼkutha tsiku lonse akufunafuna magiya. Uli pansi pomwepo, yangʼana mpira wophimba kunsi kwa ndodo. Ngati wangʼambika, ndiwo ukulowetsa fumbi pa kampira, ndipo umafunika wina. Yangʼananso kachidutswa ka lata kotchinga kutentha kwa ekizozi. Ngati kanagwa, wosula zidebe akhoza kukudulira kena, nʼkukamanga bwino kuti kasakhudze chitsulo choyenda.

Ukabwezera zonse pa zizindikiro zako, yesa magiya injini yozima. Mwina zidzakhala bwino pomwepo. Koma popeza mabushi atsopano achotsa mpata umene unalipo, mwina pafunika kulinganiza. Ika pa nyutulo, masula bawuti ya kalampu pangʼono mpaka chitsulo chizitha kupotoloka chokha. Giyabokosi idzadzibwezera pa mzere wa fili ndi folo. Mnyamata agwire ndodo choimirira pakati, pamene dzanja limayembekezera kupeza fili ndi folo, osaikanikiza pansi, ndipo iwe umange bawuti. Yesaninso. Ngati wani ndi thu zikuvuta koma faifi ikulowa msanga, masula usunthe pangʼono kwambiri mbali imodzi. Ngati ndi faifi ikuvuta, mbali inayo. Kusuntha kwake kuzikhala kwa mamilimita. Chomaliza, ndipo ichi usachidumphe: kankhira ndodo kumanzere mwamphamvu osaikanikiza pansi, nʼkupita nayo kutsogolo. Iyenera kulowa wani nthawi zonse. Ikalowa rivesi ngakhale kamodzi, ntchito sinathe, galimoto isatuluke.

Ngati mtima wako ukukayikabe za giyabokosi, pali njira yodzionera wekha. Tindodo tija tili tomasula, gwira kachitsulo ka pa giyabokosi ndi dzanja, wina ataponda klatchi, injini yozima, nʼkukayendetsa mʼmalo ake onse. Ngati giya iliyonse ikulowa momveka nʼkugwira, bokosilo ndi lamoyo. Muonetse makaniko uja zimenezi, mwaulemu, pakuti mawa adzathandiza nazo munthu wina.

Popeza udzakhala uli kale pansi, ona mafuta a mu giyabokosi. Pambali pake pali bawuti yothirira, ndipo galimoto itaima mowongoka mafuta ayenera kufika pakamwa pa bowolo. Imalowa pafupifupi malita awiri, ndipo ugule olembedwa GL-4, amene sadya mphete zamkuwa zija. Mafuta a injini otsala usathiremo. Pa giyabokosi za mtundu uwu mafuta akachepa imene imayamba kupsa ndi faifi, chifukwa ili kumapeto kwenikweni. Ngati pozungulira kachitsulo kosankha magiya pali ponyowa ndi mafuta, kasilo kake katha, undiuze ndidzatumize.

Tindodo takale tija usataye. Tisunge mʼgalimoto pamodzi ndi pulayala, kawaya kofewa ndi mphira wodula ku chubu cha njinga. Tsiku lina mutu ukadzavuka panjira, ndodo nʼkungogwa mbali zonse popanda giya iliyonse, usadzaganize kuti galimoto yafa. Zimitsa injini, tsegula boneti, bwezera mutuwo pa kampira kake nʼkuukulunga ndi mphira kapena waya mosathinitsa kwambiri, kutali ndi ekizozi. Zikakanika, lowetsa thu ndi dzanja pa giyabokosi pomwepo, liza injini utaponda klatchi, nʼkuyenda pangʼonopangʼono ndi giya imodziyo mpaka pamsika wapafupi. Zimenezo nʼzongofikira kunyumba. Ndaonapo galimoto zambiri zimene waya womanga tsiku la mavuto unakhala pomwepo mpaka kudula chitsulo, chifukwa mwini wake anaona kuti zikuyenda.

Ngati ukuona kuti ntchitoyi yakukulira, itana makaniko yemwe uja mugwire limodzi, umuwerengere kalatayi pamene pafunika, ndipo umulipire bwino ngakhale zosinthazo nʼzazingʼono. Amakaniko ambiri amathamangira ntchito zikuluzikulu chifukwa anthu safuna kulipira munthu amene wangosintha kapulasitiki, chonsecho kupeza kapulasitiki koyenerako ndiye luso lenilenilo. Mnyamata wako akhalepo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, agwire tochi, adetse manja. Zonsezi zichitike mwezi uno kapena wamawa, mvula ya Novembala isanagwe, chifukwa nthawi ya matope ndi imene magiya wani ndi thu amagwira ntchito kwambiri, ndiponso ndi nthawi imene malungo amachuluka.

Ukamaliza, woyesa galimotoyo asakhale iwe, chifukwa dzanja lako linaphunzira kubisa vutolo ndipo lidzakunamiza. Pita nayo pabwalo la mpira la kusukulu madzulo ana ataweruka, upereke makiyi kwa alamu, iwe ukhale mpando wa pambali osanena kanthu. Anyamuke ndi wani, asinthe thu ndi fili, aime, abwerere mʼmbuyo, anyamukenso. Akatha kuchita zimenezo osayangʼana pansi ndiponso osakufunsa, ndiye kuti yakonzeka. Ngati laisensi yawo sinatuluke, chaka chino tithandizane itheke, mbali ina ya ndalama ya sukulu yoyendetsa galimoto ndidzatumiza ine.

Upereke moni kwa amayi, uwauze kuti bulangete lawo lili mʼchikwama chomwecho pansi pa kaphukusi. Moni kwa alamu, kwa ana, kwa amalume ndi onse a kumudzi.

Ndine mkulu wako,
ku Johannesburg